Za chiboliboli cha ku Bremen ndi amene anachipanga, Gerhard Marcks

Moni nonse m'gulumu. Mphwanga, chithunzi chako ndachiona, cha bulu, galu, mphaka ndi tambala atakwerana pamsana chija. Wafunsa kuti anachipanga ndani komanso chifukwa chake miyendo yakutsogolo ya bulu ikuwala pomwe thupi lonse ndi lodera. Ndiyankha zonse ziwiri, undipirire pang'ono chifukwa nkhaniyi ndi yaitali.

Anachipanga ndi Gerhard Marcks, Mjeremani wobadwira ku Berlin mu 1889, anamwalira mu 1981. Chibolibolicho anachiimika mu 1953 pambali pa holo ya mzinda wa Bremen ku Germany, ndipo n'chotalika pafupifupi mamita awiri. Koma usamuone ngati munthu wa tinyama tosangalatsa alendo basi. Mu 1919 anali m'gulu la aphunzitsi oyambirira a sukulu ya luso ya Bauhaus, ndipo ankatsogolera ntchito youmba mbiya ku Dornburg. Mu 1925 anapita kukaphunzitsa ku sukulu ya luso ya Burg Giebichenstein mumzinda wa Halle. A Nazi atalowa m'boma mu 1933 anamuchotsa ntchito, mu 1937 zina mwa ntchito zake anazionetsa ku Munich pa chionetsero chonyoza luso lomwe iwo ankati n'lopotoka, kenako mu 1943 bomba linagwetsa nyumba yake yogwiriramo ntchito ku Berlin. Zambiri zomwe anapanga ali wachinyamata zinathera pomwepo.

Ndiye nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, munthuyu anayambanso ali ndi zaka zoposa 55. Anaphunzitsa ku Hamburg, mu 1950 n'kusamukira ku Cologne. Ntchito zake za nthawi imeneyi zambiri ndi za maliro. Ku Cologne kuli chiboliboli cha mayi wolira, woimirira, cha mu 1949. Ku manda a Ohlsdorf ku Hamburg kuli chikumbutso cha mu 1952 cha anthu ophedwa ndi mabomba, bwato lowolotsa akufa. Ku Lübeck anaumba zifanizo 6 za dongo lootcha pakhoma la tchalitchi cha Katharinenkirche, kumalizitsa ntchito yomwe mmisiri wina wa ziboliboli, Ernst Barlach, anasiyira pa zitatu. Chimene ine ndimamulemekezera n'chakuti anzake ambiri atasiya kuumba thupi la munthu, iye sanalisiye. Ankangochotsa zokongoletsa zonse, kutsala msana, khosi, kaimidwe. Yang'ananso bulu wakoyo, alibe ubweya wosemedwa, koma ukudziwa kuti wasenza katundu.

Tsopano za miyendo. Chimenecho ndi bronze, mkuwa pafupifupi magawo 9 pa 10, gawo lotsalalo tini. Mtundu wodera uja si penti ayi. Ndi khungu lopyapyala lomwe limabwera chitsulo chikakumana ndi mankhwala, mpweya ndi mvula. Alendo amagwira miyendo iwiri yakutsogolo ndi manja onse awiri poti amati zimabweretsa mwayi, ndiye manjawo amapukuta khungulo tsiku ndi tsiku, chitsulo chenichenicho n'kumaonekera. Sichinawonongeke.

Poti umakonda zoumba, ndikuuze mmene ziboliboli za bronze zimapangidwira mwa njira ya phula. Umayamba ndi mafupa a waya wolimba, n'kumata dongo kapena pulasitala. Dongo uzilifunditsa nsalu yonyowa usiku uliwonse, chifukwa likauma limakhwinyata koma waya sakhwinyata, ndiye limang'aluka. Ukamaliza umapanga chikombole, ngati cha njerwa koma cha zidutswa zingapo zolumikizana. M'kati mwake umapakamo phula losungunula, lochindikala mamilimita 4 mpaka 6. Kuchindikala kwa phulalo ndiye kudzakhale kuchindikala kwa chitsulo, waona, chifukwa chiboliboli chimakhala champhako m'kati. Chikanakhala chodzaza chikanalemera mopanda nzeru, n'kung'alukanso pozizira.

M'kati mwa phulamo umathiramo pulasitala wosakaniza ndi njerwa zosinja, n'kubaya misomali yodutsa phula kuti chapakaticho chisasunthe. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Misomali ikachepa, chapakati chimayandama chitsulo chikamalowa, mbali ina imatuluka yochindikala, ina yabowo. Kenako umamata timizere ta phula, tina tolowetsera chitsulo, tina totulutsira mpweya, makamaka kunsonga monga makutu a bulu ndi mchira wa tambala. Ukaiwala kanjira ka mpweya pamenepo, khutu limatuluka loduka chifukwa mpweya watsekereza chitsulo.

Zonsezo umazikuta ndi pulasitala wa njerwa uja, n'kuziotcha m'ng'anjo pa madigiri 600 mpaka 700, chachikulu mwina masiku angapo. Phula limatha, chinyezi chimathanso. Chinyezi ndiye mdani wamkulu: kadontho kotsala kamasanduka nthunzi chitsulo cha madigiri oposa 1,100 chikafika, chimabowola thupi timaenje, nthawi zina chimalavulira chitsulo pa anthu othira. Chikazizira umaswa chikombolecho, kudula timizere tija, kutseka mabowo a misomali, kupala. Chachikulu amathira m'zidutswa n'kuwotcherera. Dziwanso kuti bronze amakhwinyata pang'ono pozizira, choncho chomalizacho chimachepa kusiyana ndi choumba chija. Mtundu umabwera komaliza, amatenthetsa chitsulo n'kupaka mankhwala a salifa kuti chidere, n'kutsekera ndi phula.

Mbali ina ya Marcks ndi zithunzi zodinda ndi thabwa, ndipo imeneyi ukhoza kuiyesa kwanu. Anayamba kale ali ku Bauhaus, n'kupitiriza mpaka ukalamba, zambiri za nyama ndi anthu. Umatenga thabwa losalala, kujambulapo, n'kusema malo onse omwe ukufuna atuluke oyera. Chotsala ndicho chimatenga inki. Chithunzi chimatuluka chotembenuka, kumanja kupita kumanzere, ndiye malemba uziwasema chammbuyo. Sema motsatira ulusi wa mtengo, ukadutsa mopingasa ndi mpeni wobuntha thabwa limathetheka n'kudya mzere wako, ndipo chomwe wasema sichibwerera. Inki ikhale yopyapyala, yambiri imadzaza timizere tating'ono. Ika pepala pamwamba, n'kutikita ndi kumbuyo kwa supuni, uzitukula ngodya imodzi kuona ngati yagwira, osasuntha pepala.

Ngati udakali ku Bremen, usachoke usanalowe mu Gerhard-Marcks-Haus, nyumba yosungira ndi kuonetsa ntchito zake, inatsegulidwa mu 1971 ndipo ndi ulendo wapansi kuchokera pomwe unajambula chithunzicho. Amasintha zoonetsa, ndiye ukafika funsa zomwe akuonetsa za Marcks, makamaka zojambula zake za pensulo. Moni kwa amayi ako.