Anakuchotsani chifukwa cha 7500? Sanakulakwireni, achimwene

Sabata yatha mnyamata wina wa ku Luchenza ananditumizira imelo ali wokwiya zedi. Akuti analowa pa gulu lina la pa intaneti la anthu oyendetsa ndege za pa kompyuta, n'kuimika ndege yake pa Chileka. Wa pa nsanja wowongolera kayendedwe ka ndege, amene timangomuti ATC, anamuuza kuti adikire kaye, koma iye anangonyamuka. Atafika m'mwamba anaika nambala ya 7500, yotanthauza kuti ndege yalandidwa, pa transponder, kachipangizo kozindikiritsa ndege kwa ATC, pofuna kuseketsa anzake. Sipanathe mphindi ziwiri, anamuchotsa. Funso lake ndi ili: "Kodi si masewera chabe? Malamulo onsewa ndi a chiyani, ngati kuti m'ndegemo muli anthu enieni?"

Achimwene, pepani kuti bandulo yanu inapita pachabe. Koma zoti anakulakwirani, ayi, sindikuvomerezani.

Ndiyambe ndi chimene chandipweteka ine. Mwati pa nsanja ya Chileka panali munthu. Mukudziwa kuti umenewo ndi mwayi wosowa? Ine ndakhala ndikunyamuka pa Chileka (FWCL) kupita pa bwalo la ku Lilongwe (FWKI) usiku wambirimbiri, ndekhandekha, ndikulankhula pa 122.800, wailesi imene timagwiritsa ntchito kukakhala kulibe ATC, popanda ndi mmodzi yemwe wondiyankha, mpaka mayi a kunyumba kuno amandiseka kuti ndayamba kucheza ndi mizimu m'Chingerezi. Ma ATC ambiri amakonda London, Frankfurt kapena Johannesburg kumene ndege zimachita kuunjikana. Ndiye wina wake, kaya ali kuti, anakhala pansi n'kuphunzira mapu a bwalo lathu, mayina a njira zake ndi mapiri olizungulira, osalipidwa ngakhale tambala, kuti inu ndi ine timve kukoma. Inu n'kumudutsa ngati chitsa. M'ndegemo munalibe anthu enieni, n'zoona, koma amene munamunyozayo ndi munthu weniweni.

Taganizani za mpira wachikulunga uja tinkasewera pa bwalo la sukulu. Magoli anali miyala iwiri, chikho panalibe. Koma wina akagwira mpira ndi manja n'kuthamanga nawo kukaponya m'golo, ankanena kuti "si masewera chabe"? Tinkamutulutsa basi, ngakhale mpirawo ukhale wake. Magulu ngati VATSIM, imene inayamba mu 2001, ndi IVAO ya mu 1998, anawakhazikitsira chinthu chimodzi: kutsanzira mmene ndege zenizeni zimayendera. Kupempha chilolezo, kudikira, kubwereza zimene mwauzidwa, masewera ake ndi amenewo. Ngati tsiku lina mwangofuna kuzondotsa Boeing pamwamba pa minda ya tiyi ya ku Thyolo, zimitsani intaneti muuluke nokha. Palibe angakufunseni, ndipo bandulo yanu ikhala.

Tsono za kunyamuka opanda chilolezo. Lamuloli lili ndi magazi kumbuyo kwake. Pa 27 March 1977, pa bwalo la Los Rodeos ku chilumba cha Tenerife, kunagwa nkhungu yoti munthu osaona kutsogolo, ngati chiperoni chikatsekera phiri lathu la Mulanje lonse. Woyendetsa Boeing 747 ya KLM anayamba kuthamanga poganiza kuti amulola kunyamuka, pomwe 747 ina ya Pan Am inali ikadali pa msewu wonyamukira womwewo. Ndege ziwirizo zinagundana, ndipo anthu 583 anafa. Kuchokera pamenepo mawu oti "takeoff" sanenedwa mwachisawawa pa wailesi: ATC amawatchula pokhapokha akukulolani kunyamuka kapena akulanda chilolezocho, nthawi zina zonse akamanena za kunyamuka amati "departure". Ndipo chilichonse chofunika chimene wakuuzani, monga msewu wonyamukira, kutalika kokwera ndi nambala ya squawk yoika pa transponder, mumachibwereza mokweza kuti amve ngati mwamva bwino. Mukamachita zimenezi pa laputopu ku Luchenza, mukuchita ndendende zimene amachita m'ndege yeniyeni, ndipo kwa ine kukoma kwake kuli pamenepo.

Nambala za pa transponder zilipo zitatu zimene woyendetsa aliyense amazisunga pamtima. 7700 ndi ya ngozi ina iliyonse, 7600 ndi yoti wailesi yafa, 7500 ndi yoti ndege yalandidwa ndi zigawenga. Pa VATSIM yachitatuyi ndi yoletsedwa kotheratu, palibe zokambirana. Ngakhale ngozi wamba, tinene kuti injini yazima, ATC ali ndi ufulu wokukanizani ngati watanganidwa, ndipo akakana mumasiya kapena mumatuluka pa netiweki n'kukamalizira nokha. Kutsanzira ngozi imene inachitikadi nakonso sikuloledwa. Ife Amalawi sitifunika kutifotokozera chifukwa chake. Tikukumbuka 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Mutamva munthu wa kunja akuchita nthabwala ndi ulendo umenewo, mungaseke?

Malamulo enawo ndi a ulemu wamba. Musalowe pa netiweki ndege yanu ili pakati pa msewu wonyamukira, yambirani pa malo oimikapo. Wina akamalankhula pa wailesi, mudikireni amalize. Musasiye ndege ikuuluka yokha kupitirira mphindi 30, ndipo ngati muli m'manja mwa ATC, pemphani kaye musanadzuke ngakhale pokaphula nsima.

Musaganize kuti ine ndine mngelo. Tsiku langa loyamba kulankhula ndi ATC, thukuta linali kamukamu m'manja, ndipo ndinabwereza nambala molakwika katatu konse. Munthuyo anangolankhula pang'onopang'ono mpaka ndinamva. Ulendo wina magetsi anazima nditatsala pang'ono kutera, ndege yanga n'kungosowa pa radar yake ngati yamezedwa. Palibe anandilanga. Kulakwitsa amakhululuka tsiku ndi tsiku. Chimene sapirira ndi dala.

Ndiye chitani izi. Alembereni oyang'anira gululo mawu ochepa: munalakwa, mwawerenga malamulo, simudzabwerezanso. Musayambe zoti "koma inunso". Akakubwezerani, lowani kaye ngati woonerera, mumvetsere kwa madzulo awiri kapena atatu mmene anzanu akulankhulira. Pa flight plan, fomu yofotokoza ulendo wanu, lembani kuti ndinu watsopano. Mawu akakudutsani nenani "say again" (bwerezani), ndipo chimene simungathe nenani "unable" (sindingathe), osati kungoti zii.

Tengani kandege kakang'ono ka Cessna 172, osati chindege cha Airbus, muzungulire bwalo la Chileka mpaka dzanja lizolowere. Mukadzafuna kubwera kuno kudzaona phiri la Mulanje, kumbukirani kuti Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, pafupifupi mafiti 9,850, ndipo kandege kameneko kamakwera mwaulesi. Yambani kukwera mukadali kutali, ndipo kukakhala chiperoni bwererani pa Chileka.