Musawafunse mutamaliza kale kulemba mafunso

Imelo ya mchemwali wina amene akuphunzira zaumoyo ku Ottawa yandikhala pamtima sabata yonse. Amuika m'gulu lokaunika ntchito yolimbana ndi chifuwa chachikulu m'mudzi wina wa anthu a mtundu wa Inuit, eni nthaka a kumpoto, ku Nunavut, chigawo cha kumpoto kwenikweni kwa Canada. Mafunso analemba kale. Akufunsa ngati kuwamasulira m'chilankhulo cha Inuktitut ndi kuitanitsa msonkhano umodzi n'kokwanira kuti anene kuti eni mudzi atengapo mbali.

Mchemwali, sikokwanira. Koma mundilole ndiyambe ndi zanga, chifukwa mwandigunda pachilonda.

Ndisanabwere kuno ku Canada ndinagwirapo ntchito ya kafukufuku kwathu. Tinkafika pagalimoto, amfumu atamema kale anthu pansi pa mtengo wa mango. Moni, kufotokoza pang'ono, kenaka mafomu, kudinda chala, magazi m'timabotolo, madzulo n'kumapita. Patatha zaka ziwiri ndinabwerera kumudzi komweko pa maliro. Agogo ena aakazi anandizindikira, anandigwira dzanja osalisiya, n'kundifunsa chapansipansi: "Mwanangu, magazi athu aja munapezamo chiyani?" Ndinangoti kakasi. Lipoti linalembedwa m'Chingerezi n'kupita kunja, ine ndemwe sindinaliwerengepo. Mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017, anthu n'kuphedwa, ambiri ankangoti ndi umbuli. Kupha munthu n'koipa, pamenepo palibe zokambirana. Koma ine ndinakumbukira dzanja la agogo aja, ndipo ndinadziwa kuti mantha ena tinawadzala ndife.

Kumene mukupitako chilonda chake n'chakuya kuposa pamenepa. Kuyambira 1950 mpaka 1969 sitima yapamadzi yotchedwa C.D. Howe inkayendera midzi ya kum'mawa kwa Arctic. Anthu ankakwera kukajambulidwa m'chifuwa, ndipo ambiri opezeka ndi matendawa sankaloledwanso kutsika kukatsanzika ana awo. Ankawatengera kuzipatala za kummwera, monga Mountain Sanatorium ku Hamilton, komwe palibe ankamva chilankhulo chawo, ndipo boma linkawadziwa ndi nambala yolembedwa pakachikwangwani kovala m'khosi. Ena anafera komweko, abale osauzidwa ngakhale kumene kuli manda. Pa 8 Marichi 2019 nduna yaikulu ya Canada pa nthawiyo, Justin Trudeau, inakapepesa ku Iqaluit, likulu la Nunavut, n'kukhazikitsa ntchito yofufuza manda aja yotchedwa Nanilavut, kutanthauza kuti "tiyeni tiwapeze". Ndiye mayi amene mukamupemphe makhololo akhoza kukhala mdzukulu wa munthu amene anakwera sitima ija osabweranso. Msonkhano umodzi ungachize zimenezo?

Ndipo matendawa sanathe. Mu 2016, poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chifuwa chachikulu pakati pa a Inuit okhala m'madera awo chinali chofala kuposa ka 300 pochiyerekeza ndi anthu ena obadwira ku Canada amene si eni nthaka. Mu 2018 boma ndi bungwe loimira a Inuit ku Canada la Inuit Tapiriit Kanatami, lotsogoleredwa ndi Natan Obed, analonjeza kuchithetsa pofika 2030. Koma kalembera wa 2016 yemweyo anaonetsa kuti oposa theka la anthuwa amakhala mothithikana m'nyumba. Mafunso anu, ndikuganiza, akuwerenga amene anamaliza mankhwala. Mukanawafunsa eni ake poyamba, mwina akanakuuzani kuti muwerenge anthu ogona chipinda chimodzi, kapena mtengo wa chakudya m'sitolo, kapena anamwino angati asinthana pachipatala chaka chino. Apa ndiumirira: amene wasankha choyeza ndiye mwini ntchito. Enawo, ngakhale muwapatse tiyi ndi womasulira, ndi alendo pamwambo wanu.

Nkhani imene imandilimbitsa mtima si ya chifuwa n'komwe, ndi ya uchembere. Kale amayi apakati a ku Nunavik, kumpoto kwa Quebec, ankawakweza ndege kutatsala masabata angapo kuti akachire kutali, opanda amuna awo, opanda anakubala. Amayi a kumeneko anakana. Mu 1986 ku Puvirnituq kunatsegulidwa malo ochilira a Inuulitsivik, kumene azamba a Inuit amaphunzitsidwa ndi kugwira ntchito m'chilankhulo chawo, ndipo pambuyo pake midzi ya Inukjuak ndi Salluit inatsatira. Palibe anabwera ndi fomu kudzawafunsa ngati akugwirizana nazo. Maganizo anali awo.

Taonaninso dzina la kafukufuku wamkulu wa zaumoyo amene a Inuit akuyendetsa okha tsopano: Qanuippitaa? Tanthauzo lake ndi "tili bwanji?" Osati "muli bwanji". Ine ndinatha zaka ndikufunsa anthu kuti muli bwanji, n'kulemba yankho, n'kupita nalo. Ndondomeko ya kafukufuku imene Inuit Tapiriit Kanatami inatulutsa mu 2018 ikunena poyera kuti a Inuit azikhala ndi ulamuliro pa zimene zasonkhanitsidwa zokhudza iwo. Iwerengeni musanakwere ndege.

Nanga muchite chiyani?

Mafunso aja asungeni kaye. Onani ngati ntchito yanu ikufunika chilolezo cha Nunavut Research Institute, ndipo lemberani a Qaujigiartiit Health Research Centre ku Iqaluit, amene akhala pantchitoyi kuyambira 2006. Khalani pansi ndi khonsolo ya mudzi ndi akuluakulu, muwafunse kuti kwa iwo ntchito yoyenda bwino imaoneka bwanji. Lembani anthu a m'mudzimo ntchito yolipidwa, monga inachitira ntchito yolimbana ndi chifuwa chachikulu ya Taima TB ku Iqaluit, kumene a Inuit anzawo ankagogoda nawo khomo ndi khomo. Lankhulani pawailesi ya m'mudzi. Gwirizanani polemba kuti zotsatira adzayamba kuziona ndi iwo.

Ndipo ndalama ya ulendo wobwerera kukanena zimene mwapeza muiike pamzere woyamba wa bajeti, akuluakulu anu asanayambe kudula. Akakana, mundilemberenso, tidzathandizane kulemba kalata yake.