Mkaka ndi mankhwala: nditsate ziti?

Funso: Adokotala, nditadwala malungo anandiuza kuti LA ndizimwera mkaka kapena phala lansinjiro. Pano andipatsa doxycycline, akuti mkaka ayi. Nditsate ziti? Mayi wa ku Ndirande, Blantyre.

Yankho: Mayi, tsatani zonse ziwiri. Mankhwala ndi timamolekyu, tinthu tosaoneka ndi maso, ndipo kuti tigwire ntchito tiyenera kudutsa khoma la matumbo n'kulowa m'magazi.

LA, yomwe dziko lino lidayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, ili ndi mankhwala awiri: artemether ndi lumefantrine. Lumefantrine sasungunuka bwino m'madzi, amafuna mafuta. Mukamwa m'mimba mulibe kanthu, wambiri amangodutsa osalowa m'magazi, tizilombo tina n'kupulumuka. Mtedza, mkaka, mapeyala, ngakhale ndasi limodzi lapamsika, zimathandiza. Ine odwala anga ndimawauza za nsinjiro chifukwa sizisowa pakhomo.

Doxycycline nkhani yake ndi ina. Molekyu yake imakola kashiamu (mchere wolimbitsa mafupa) wa mumkaka, ziwirizo n'kupanga chinthu chovuta kulowa m'magazi. Mapiritsi owonjezera magazi ndi mankhwala a chilungulira amachitanso zomwezo. Siyanitsani doxycycline ndi zinthu zimenezi ndi maola awiri kapena atatu, mumwere kapu yodzaza ya madzi, ndipo musagone nthawi yomweyo, amatha kuwotcha kummero.