Mwafunsa, Tayankha: Mabwinja a Ayutthaya

Funso: Akonzi, pa Facebook ndaona chithunzi cha mutu wa Buddha utakodwa m'mizu ya mtengo, akuti ndi ku Ayutthaya, kodi nkuti kumeneko?

Yankho: Ndi chigawo cha pakati pa Thailand achimwene, makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa Bangkok, chidikha cha minda ya mpunga. Mzinda wakalewo wazunguliridwa ndi mitsinje itatu, Chao Phraya, Lopburi ndi Pa Sak, nde mu 2011 madzi atasefukira zinavutadi mpaka mafakitale kumira. Anaukhazikitsa ndi mfumu U Thong cha mma 1350 ndipo unakhala likulu la Siam (dzina lakale la Thailand) zaka zoposa 400 mpaka asilikali a ku Burma anadzauwotcha mu 1767, pano kwatsala mabwinja a makachisi ndi zipupa za njerwa. Mutu mwaonawo uli pakachisi wa Wat Mahathat, pojambulitsa amati ukhale pansi kaye, kuimirira nkupanda ulemu.