Matumba a nshawa ku Katete: GROUP BY kapena lipoti la magulu?

Mlembi wa kopaletivu ina ya alimi ku Katete wanditumizira imelo. Amagula nshawa m'midzi, thumba lililonse amalilemba mu Microsoft Access (pulogalamu ya pa kompyuta yosungira deta), ndiye atcheyamani akufuna kudziwa kuti mudzi uliwonse wabweretsa matumba angati. Mlembiyo akufunsa ngati agwiritse GROUP BY mu query (lamulo lofunsira deta), kapena agawe lipoti m'magulu.

Achimwene, yambani mwadzifunsa kuti pepalalo aligwira ndani.

Ngati ndi a komiti pa msonkhano, GROUP BY yakwana. Mukalemba SELECT mudzi, SUM(matumba) FROM zogula GROUP BY mudzi (zogula ndi dzina la tebulo lanu), mizere yonse ya mudzi umodzi imasanduka mzere umodzi. Midzi ikakhala 12, mizere ndi 12 basi.

Koma maina a alimi amakhala kuti asowa. Taganizani tsiku lolipira: dzuwa lili pamutu, anthu ali pamzere, kenako mayi wina akuti anabweretsa matumba anayi, osati atatu. Mumuonetsa chiyani? Apa mpamene lipoti limapulumutsa. Mu Design View (mokonzera maonekedwe a lipoti) dinani Group & Sort, musankhe mudzi, ndipo mu group footer (malo a pansi pa gulu lililonse) mulembe =Sum([matumba]). Mlimi aliyense aoneka ndi tsiku lake ndi matumba ake, chiwerengero cha mudzi chili pansi. Ndalama za anthu zikakhalapo, ine ndimasankha njira imeneyi, chifukwa mlimi amakhulupirira nambala imene waloza yekha ndi chala.

Access imasanja yokha mizere ya magulu. 

Chimene ndikukuchondererani ndi cha mtengo. Pofuna avareji ya mtengo wa thumba pa midzi yonse, musatenge avareji ya mudzi uliwonse n'kupezanso avareji ya maavarejiwo. Mudzi wa matumba 5 ndi wa matumba 200 zidzalemera mofanana, zomwe si zoona. Ine ndinalakwitsapo zimenezi pa ntchito ina kuno ku Chipata, ndinachita manyazi pobweza mapepala. Gawani SUM ya ndalama ndi SUM ya matumba.

Mukadzasamukira ku mapulogalamu ena osungira deta, MySQL kapena PostgreSQL, kumeneko kuli ROLLUP, yomwe imawonjezera chiwerengero chonse mu query momwemo. PostgreSQL inailandira mu 2016, pa mtundu wa 9.5. Access ilibe, choncho pakadali pano pangani query imodzi ya a komiti, ndi lipoti la tsiku lolipira.