Funsani Tiyankhe: Mapepala a kafukufuku wa zaumoyo, ena otseka ena osamveka

FUNSO: Zikomo a Funsani. Ine ndine namwino ndipo ndimakonda kuwerenga zatsopano za matenda a BP kuti ndisatsalire, koma nthawi zambiri ndikapeza pepala la kafukufuku pa intaneti amangondionetsa kachidule kenako akuti ndilipire madola 30 kapena 40 kuti ndiwerenge lonse, pepala limodzi lokha. Kafukufukuyu si anachitidwa pa odwala ngati omwe ndimawasamalirawa? Nde akutigulitsiranji? – Namwino wodandaula

YANKHO: Amayi mwakhudza nkhani yomwe imandipweteka mtima ndithu. Mmene zimayendera ndi chonchi, ndalama za kafukufuku zambiri zimachokera ku misonkho ya anthu kapena mabungwe othandiza, odwala amadzipereka kupereka magazi ndi kumwa mankhwala oyeserera, asayansi amalemba pepala osalipidwa ndi magazini, anzawo amaliunika mwaulere, ndiye pamapeto pake kampani yosindikiza ndi yomwe imaika loko nkumalipiritsa. Madola 40 anuwo olemba pepalalo salandirapo olo kakobiri.

Ndipo kutsekaku kumawononga zenizeni. Mu 1982 asayansi a ku Germany anasindikiza zomwe anapeza atayeza magazi a anthu a ku Liberia, ndipo anachenjeza kuti dzikolo liziwerengedwa pakati pa madera omwe Ebola angabuke. Pepalalo linakhala mu magazini ya ku Ulaya, mwa olemba ake munalibe munthu wa ku Liberia, ndiye madokotala akumeneko sanalione. Mu 2014 Ebola inabukadi nkupha anthu oposa 11,000 ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone. Dr Bernice Dahn, yemwe anali mkulu wa madokotala mu unduna wa zaumoyo ku Liberia, anadzalemba ndi anzake mu New York Times mu 2015 kuti iwo chenjezoli analiona mliri utayamba kale. Sindikunena kuti pepala limodzi likanaletsa mliri wonse ayi, koma magazi anali a anthu awo ndipo zotsatira zake zinayenera kuwafikira iwo poyamba.

Nchifukwa chake kunabuka gulu lomenyera zomwe amati open access, kutanthauza kuti aliyense awerenge osalipira. Mu 2000 bungwe la NIH, la boma la America lomwe limapereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo, linatsegula PubMed Central, nkhokwe yaulere yomwe pano ili ndi mapepala mamiliyoni, ndipo mu 2008 aliyense wolandira ndalama za kafukufuku ku NIH anakakamizidwa kuika pepala lake mmenemo pasanathe miyezi 12. Magazini ya PLOS Medicine inayamba mu 2004 ili yaulere chiyambire. Wellcome Trust, Gates Foundation ndi mabungwe a ku Ulaya omwe anakhazikitsa ndondomeko ya open access yotchedwa Plan S mu 2018 nawonso amati ngati tikupatsa ndalama, zotsatira zikhale poyera. Phindu lake tinaliona mu Januwale 2020 pomwe asayansi Zhang Yongzhen ndi Edward Holmes anaika poyera chibadwa chonse cha kachilombo ka Covid-19, masiku owerengeka okha malabu anali atayamba kale kukonza zoyezera ndi katemera.

Vuto silinathe koma, langosamuka. Magazini ambiri otseguka amalipiritsa wolemba mmalo mwa wowerenga, magazini ya Nature mu 2021 inaika mtengo wa mayuro 9,500 pepala limodzi, ndiye wasayansi wa yunivesite yosauka tsopano atha kuwerenga koma kusindikiza nkovuta. Zimenezi ine sindigwirizana nazo.

Inu chitani izi. Koperani mutu wa pepalalo mukausake pa PubMed Central kapena Europe PMC, kawirikawiri limapezeka laulere. Funsaninso ku laibulale ya chipatala kapena koleji yanu ngati analembetsa ku Hinari, pologalamu yomwe WHO inayambitsa mu 2002 yopatsa mabungwe a zaumoyo a mmaiko osauka mwayi wowerenga magazini masauzande mwaulere kapena motchipa kwambiri, ambiri analembetsa kalekale koma ogwira ntchito sadziwa. Zikakanika lemberani wolemba pepalalo, imelo yake imakhala pa tsamba loyamba, ambiri amatumiza mosangalala.

FUNSO: Ine ndimadwala shuga. Pa WhatsApp pakuyenda uthenga woti asayansi apeza mankhwala ochiziratu shuga, mwana wanga anapeza pepala lenileni la kafukufukuyo laulere koma tonse awiri sitinatolepo kanthu, manambala ndi mawu aatali okhaokha. Ndikhulupirire? Ndisiye mapilisi anga? – Bambo wa zaka 58

YANKHO: Bambo choyamba, mapilisi musasiye chonde, olo tsiku limodzi, musanaonane ndi adokotala anu.

Kusamva pepalalo si umbuli wanu. Mapepalawa asayansi amalemberana okhaokha, moti ngakhale dokotala wa mafupa amatha kuvutika ndi pepala la katswiri wa maselo. Apa mpomwe ine ndimaona kuti omenyera open access anagwira theka la ntchito, chitseko anatsegula koma mkatimo muli mdima, ndiye amene amamasulira anthu nkhaniyi amakhala wolemba mauthenga a pa WhatsApp uja, yemwe mwina ali ndi botolo lake lomwe akufuna kukugulitsani.

Mwana wanuyo atenge pepalalo ayang'ane zinthu zochepa chabe. Kafukufukuyu anachitira pa ndani? Akaona mawu oti mice kapena rats ndiye kuti ndi mbewa ndi makoswe a mu labu, akaona in vitro ndiye kuti ndi maselo a mu kambale, sizinafike pa munthu nkomwe. Ndipo ngakhale mankhwala omwe afika poyesedwa pa anthu, pafupifupi 9 mwa 10 amalephera panjira osavomerezedwa. Ngati anali anthu, analipo angati, nanga panali gulu lina losalandira mankhwalawo loti afananize nalo? Mu 1998 magazini ya The Lancet inasindikiza pepala la Andrew Wakefield lokhudza ana 12 okha, lomwe linachititsa makolo kuganiza kuti katemera wa chikuku amayambitsa autism, vuto lokhudza kakulidwe ka ubongo wa mwana. Zinadzadziwika kuti zinali zachinyengo, pepalalo linachotsedwa mu 2010 ndipo iye analandidwa chiphaso cha udokotala, koma mantha aja mpaka lero akadalipo ndipo chikuku chabwereranso mmaiko momwe chinali chitatha. Aonenso ngati lili pa medRxiv kapena bioRxiv, amenewo ndi ma preprint, mapepala omwe akatswiri ena sanawaunikebe.

Manambala nawo amapusitsa. Tingoyerekeza, uthenga ukuti mankhwala achepetsa chiopsezo ndi theka, zomveka zazikulu eti, koma ngati poyamba amadwala anthu 2 mwa 1,000 ndipo pano akudwala 1 mwa 1,000, limenelonso ndi theka. Muzifunsa kuti theka la chiyani.

Alipo omwe akuyesetsa kulemba momveka. A bungwe la Cochrane amasonkhanitsa kafukufuku yense wa funso limodzi nkuikapo chidule cha mawu osavuta, PLOS Medicine imauza olemba kuti afotokoze mwachidule chifukwa chomwe anachitira kafukufukuyo ndi zomwe apeza. Koma zambiri mwa izi zili mu Chingerezi basi, ndipo ine ndimati wasayansi aliyense amene watenga magazi a anthu ali ndi ngongole yobwerera kukawauza zomwe wapeza mu chinenero chawo, ndipo opereka ndalama aziika zimenezi mu bajeti monga amaikira zogulira makina.

Pepala lanulo lisindikizeni kapena lisungeni mu foni, tsiku lanu la ku kiliniki mukawaonetse adokotala kapena anamwino, muwafunse ngati zomwe zalembedwazo zikukhudza mtundu wa shuga womwe inu muli nawo.