"You look beautiful" kapena "You look like beautiful"?

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mumagwira ntchito m'shopu ya zovala ku Fordsburg, kuno ku Joni, ndipo kasitomala wina atayesa diresi munamuyamikira kuti "You look like beautiful", iye n'kukukonzani kuti "You look beautiful". Ndiye mukufuna kudziwa kuti nanga "like" uja timamumva pambuyo pa "look" amalowa liti. Musachite nazo manyazi, ambirife timapunthwa pomwepa, ndipo chifukwa chake chilipo.

Ife m'Chichewa tili ndi aneni awiri: kuyang'ana ndi kuoneka. Munthu amayang'ana ndi maso ake, koma amaoneka m'maso mwa anzake. Chingerezi chimasenzetsa ntchito zonse ziwiri mneni mmodzi, "look", ndipo chimene chimakuuzani kuti apa akugwira ntchito iti ndi mawu amene akubwera pambuyo pake.

Pa nkhani ya kuoneka, ngati mawu otsatirawo ndi mfotokozi, monga "tired", "smart", "sick" kapena "expensive", pakati sipalowa kanthu. "You look tired", mukuoneka otopa. "This jacket looks expensive", jeketeli likuoneka lodula. Chomwe chimatisokoneza n'choti kwathu "ngati" amalowa paliponse: timati "akuoneka ngati wodwala", timatinso "akuoneka ngati mphunzitsi", ndipo zonse n'zabwinobwino. Chingerezi chimalola "like" pa chachiwiri chokhacho, pamene mukuyerekeza ndi munthu kapena chinthu. "He looks like a teacher." "She looks like her mother." "It looks like leather." Mukakayikira, dzifunseni ngati mawu amene mukufuna kunenawo ndi dzina la chinthu kapena munthu. Ngati ndi dzina, ikani "like". Choncho kasitomala uja mukanatha kumuuza kuti "You look beautiful", kapenanso "You look like a bride" ngati diresilo linali loyera laukwati. Ngakhale "You look like a beautiful bride" ndi zolondola, chifukwa kumapeto kuli dzina, "bride".

Pakabwera chiganizo chonse, "like" amagwiranso ntchito polankhula. Masana a m'chilimwe cha kuno, mitambo yakuda ikayamba kuunjikana, mumva anthu pa renki ya Bree akuti "It looks like it's going to rain". Polemba kalata kapena mayeso, ndi bwino kunena "It looks as if it is going to rain" kapena "as though".

Tsopano poti muli m'zovala, pali aperekezi awiri amene ndikufuna muwagwiritsitse, chifukwa muziwafuna tsiku ndi tsiku: "in" ndi "on". Mukayamba ndi munthu, ndi "in", pakuti munthuyo ali m'kati mwa chovala: "You look good in red", "He looks smart in a suit". Mukayamba ndi chovala, ndi "on", pakuti chovalacho chili pathupi pa munthu: "Red looks good on you", "That dress looks lovely on her". Tanthauzo ndi limodzimodzi, koma mukasinthanitsa n'kunena "You look good on red" sizimveka. Ine ndimaona kuti chachiwiricho chimagulitsa bwino, chifukwa mukuyamikira katundu wanu ndi kasitomala nthawi imodzi, ndipo sichimveka ngati mukumunyengerera. Palinso "for", monga "She looks young for her age", kutanthauza kuti akuoneka wamng'ono poyerekeza ndi zaka zake.

Chenjerani ndi "-ly". Ena amaganiza kuti popeza "look" ndi mneni, ayenera kutsatiridwa ndi muonjezi, ndiye amati "You look nicely". Ayi, ndi "You look nice", chifukwa mawuwo akufotokoza munthuyo, osati kachitidwe kake. Taonani kusiyana kwa "He looked angry", ankaoneka wokwiya, ndi "He looked at me angrily", anandiyang'ana mokwiya. Pachiwiripo "look" wabwerera ku kuyang'ana, n'chifukwa chake "-ly" waloledwa. Ndipo "You look well" si kuyamikira chovala. Amenewo ndi mawu ouza munthu amene wangotuluka m'chipatala kuti thanzi labwerera.

Pali funso lina limene ndimalimva kawirikawiri kuno ku Joni, m'matekisi ndi m'mashopu momwe: "How does he look like?" Ife limatikomera chifukwa likufanana ndi "amaoneka bwanji?", koma pa Chingerezi cholembedwa "how" ndi "like" sayendera limodzi. Tinene kuti bwana wanu akukutumani ku Park Station kukachingamira munthu amene simunamuonepo, wobwera pa basi yochokera kumudzi. Mufunse kuti "What does he look like?", ndipo akuyankhani kuti ndi wamtali, wa ndevu, wavala chipewa. Koma "How does he look?" mukufunsa mmene alili lero, kaya watopa, kaya waonda. Ndipo mukachotsa "look" n'kunena "What is he like?" mwasiya za nkhope, mukufunsa khalidwe lake.

Za kuyang'ana sinditalikitsa. "Look at" ndi kuyang'ana chinthu, "look for" ndi kufunafuna, "look after" ndi kusamalira. Kasitomala akati "I'm looking for a size 34" akufuna mumuthandize. Akati "I'm just looking" mumusiye ayendeyende. Anzathu amene mukufunsira ntchito zam'nyumba, pa CV lembani "I look after children", osati "I look for children", chifukwa pamenepo mwauza abwana kuti mumasakasaka ana. Ndipo potseka uthenga, ndi "I look forward to hearing from you", ndi "-ing" yemweyo, ngakhale "to" akukukopani kuti mulembe "hear".

"Seem" ndi "appear" nawonso amatanthauza kuoneka ndipo amatenga mfotokozi mwachindunji, koma "seem" sadalira maso okha. Munthu amene mwangolankhula naye pafoni munganene kuti "She seems kind", koma simunganene "She looks kind" musanamuone. "Appear" amamveka wa m'malipoti ndi m'makalata. M'shopu simumufuna kwenikweni.

Lamulo la "like" lija limagwiranso pa "sound", "smell", "taste" ndi "feel". Kasitomala akamagwiragwira nsalu, muuzeni kuti "It feels soft", kapena "It feels like silk" ngati ndi yoterereka choncho.